Nzimbe Imodzi, Odya Atatu

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Kaya mwakhala pakhonde, kaya muli m'minibasi, kaya wailesi mwaitsamiritsa pachitsa kudimba, takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaulimi ndi chuma. Lero tikamba za shuga. Sindikunena matenda aja ayi, amenewo ali ndi tsiku lawo. Ndikunena shuga wa m'paketi, uja mayi amaika pamwamba pa kabati poti ana asafikire.

Ambiri mukukumbuka mmene zinalili kumayambiriro kwa chaka cha 2024. Kukangomveka kuti sitolo yakuti yatsitsa mabelo a shuga, anthu ankasiya zogwira n'kuthamangira komweko, ndipo ukafika pakauntala ankakuuza kuti mapaketi awiri basi, anzako apezeko. Kumsika shuga yemweyo ankapezeka, koma pa mtengo woti ukaumva umayamba wameza malovu. Ine ndinaimapo pamzere wotero. Patsogolo panga panali mayi ena okazinga mandasi, amene geni yawo inali itaima masiku angapo. Anatembenuka n'kundifunsa ngati nzimbe zonse zija za ku Nchalo zinauma. Tsiku limenelo ndinalephera kuwayankha bwino, ndipo funso lawo landikhala pamtima mpaka lero. Tiyeni tiliyankhe limodzi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Mukanyamuka ku Blantyre n'kutsika phiri lokhotakhota lija mpaka pa Thabwa, kutentha kumakulonjerani musanawoloke n'komwe mlatho wa Kamuzu pa Shire. Mwezi wa Okutobala dziko lonse kumeneko limakhala litayera mbee ndi dzuwa, mbuzi zitabisala pansi pa mitengo. Koma mukayandikira ku Nchalo, maso amadzidzimuka: minda yobiriwira mpaka kumene diso lalekeza. Ndi pamenepo pamene shuga wa dziko lino anabadwira. Kampani ya Lonrho ndiyo inayambitsa ntchitoyi m'zaka za m'ma 1960, dziko litangolandira ufulu, pansi pa dzina loti Sugar Corporation of Malawi, ija tonse tinkangoti Sucoma. Zisanatero, shuga tinkachita kuitanitsa kunja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 fakitale yachiwiri inatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja. Okonda mpira akale sanaiwale matimu a Sucoma ndi Dwasco, amene ankavutitsa akuluakulu a m'tauni. Matimu amenewo anali chizindikiro chakuti pamene panali tchire pamera matauni, okhala ndi sukulu, zipatala, misika ndi mabwalo a masewero.

M'chaka cha 1997 maesiteti awiriwa anapita m'manja mwa kampani ya Illovo ya ku South Africa, imene lero mwini wake ndi Associated British Foods ya ku Britain. Masheya ambiri a Illovo ya kuno ali ndi kampani yaikuluyo, otsalawo amagulitsidwa pa Malawi Stock Exchange, ndipo ena mwa iwo anagulidwa ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni. Choncho mwina inu amene mumadulidwa penshoni mwezi ndi mwezi muli ndi kagawo mu nzimbe zija osadziwa. Fakitale yachitatu, ya Salima Sugar, inayamba kugaya cha m'ma 2016. Ndi yaing'ono poyerekeza ndi ziwiri zija, koma ilipo. Zonse pamodzi zimatulutsa matani oposa 200,000 a shuga pa chaka, ndipo zimalemba ntchito anthu zikwizikwi, ena okhazikika, ena a sizoni. Kunja kwa boma, ndi ochepa pano pa Malawi amene amalipira anthu ochuluka chotere.

Tsono kuti timvetse mavuto a shuga, tiyambe tamvetsa khalidwe la nzimbe, pakuti mavuto ambiri amachokera m'khalidwe lake.

Nzimbe ya fakitale imatenga pafupifupi chaka chathunthu kuti ikhwime. Pobzala amadula mapesi zidutswazidutswa n'kukwirira m'mizere. Akakolola koyamba, zitsa zimaphukanso, chaka ndi chaka, mpaka zitatopa, ndiye amagaula n'kubzala zina. Chaka chonsecho nzimbe imafuna kumwa, ndipo imamwa kwambiri. Kuchigwa mvula ndi yochepa, dzuwa ndiye la mnanu, choncho madzi amachita kupopa mu Shire usana ndi usiku. Mapampu amenewo amadya magetsi. Magetsi akazima kwa maola ambiri, ife m'tauni timadandaula za firiji ndi foni, pamene ku Nchalo nzimbe ikufota, ndipo kufota kwa lero kumadzaonekera pa sikelo chaka chamawa.

Kudula kumayamba mvula ikatha, cha mu Epulo, n'kupitirira mpaka mvula ina itayandikira. Munda amayamba autentha kuti masamba apse, njoka zithawe, chikwanje chiyende bwino. Ndipo pano ndiime kaye polemekeza odula nzimbe. Amalawira m'bandakucha, pofika masana thupi lonse lili bii ndi mwaye, thukuta lili kamukamu, dzuwa la kuchigwa lili pamutu. Ambiri ndi a sizoni: kudula kukatha, malipiro athanso. Supuni iliyonse imene mumathira mu tiyi inadutsa m'manja amenewo.

Nzimbe ikadulidwa sidikira munthu. Kutsekemera kwake kumayamba kutsika pomwepo, moti iyenera kulowa m'chigayo pasanathe masiku awiri kapena atatu. Komanso ndi katundu wolemera: pamafunika matani pakati pa 8 ndi 10 a nzimbe kuti mutuluke tani imodzi ya shuga. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa tibwererakonso. Wolima chimanga akhoza kuika m'nkhokwe n'kudikira mtengo ukwere. Wolima soya akhoza kukana venda uyu n'kukagulitsa kwa uyo. Wolima nzimbe alibe nkhokwe, alibenso wogula wachiwiri. Msika wake ndi fakitale imene ili pafupi, basi.

Pofinya nzimbe palibe chotayika. Makoko otsala amawasonkhezera pamoto wowiritsa madzi, nthunzi yake n'kumayendetsa makina ndi kupanga magetsi a fakitale. Madzi akuda a phalaphala otchedwa molasesi amapita ku Ethco ku Dwangwa, imene inayamba mu 1982, ndi ku PressCane ku Chikwawa, komwe amapanga ethanol wosakaniza ndi petulo. Lita iliyonse ya ethanol ndi lita ya petulo imene sitinagule ndi madola. Ndipo shuga wogulitsidwa m'dziko muno amathiramo vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, makamaka kwa ana.

Mvula ikayamba, mathirakitala amatitimira m'minda ndipo mafakitale amatseka kuti akonze makina. Ndiye kuti shuga wopangidwa m'miyezi 8 kapena 9 ayenera kukwanira miyezi 12. N'chifukwa chake kusowa kwa shuga kumakonda kugwa mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi yomweyo imene nkhokwe za chimanga zimakhala zitapepuka. Mayi a mandasi aja, gawo loyamba la yankho lanu ndi limeneli.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za shuga ndi malo ake pa chuma cha Malawi. Ine ndimaona chonchi: nzimbe ndi imodzi, koma oitsegulira pakamwa ndi atatu. Pali dziko, limene likufuna ndalama zakunja. Pali wogula, amene akufuna shuga wotsika mtengo. Pali mlimi, amene akufuna thukuta lake limubwezere kanthu. Ukakhutitsa mmodzi mosasamala, wina amagona ndi njala.

Tiyambe ndi dziko. Pa mbewu zotibweretsera ndalama zakunja, fodya ndiye wakhala patsogolo, ndipo kwa zaka zambiri shuga ndi tiyi ndiwo akhala akupikisana pambuyo pake. Kale tinali ndi msika wa mwanaalirenji ku Ulaya. Pansi pa mgwirizano wa mu 1975, maiko ena a mu Africa, a ku Caribbean ndi a ku Pacific ankagulitsa shuga kumeneko pa mtengo wokhazikika, woposa wa pa msika wa dziko lonse. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kuyambira mu 2006 maiko a European Union anayamba kutsitsa mtengo umenewo, mpaka unatsika ndi 36 peresenti. Mu 2017 anachotsanso malire a kuchuluka kwa shuga amene alimi awo angapange kuchokera ku beet, mbewu ya kwawo yokhala ndi shuga ku mizu. Kuchokera pamenepo shuga wathu amalimbana ndi wa Brazil, dziko lopanga shuga wambiri kuposa onse, pamene ife tilibe doko. Thumba lathu liyenera kuyenda mtunda wautali kukafika ku Beira kapena ku Nacala lisanaone sitima ya pamadzi, ndipo ulendo umenewo umadya phindu. Chimene chatithandiza ndi kugulitsa kwa anansi a m'chigawo chino, komanso kupanga shuga wapadera wa bulauni amene ogula a ku Ulaya ndi ku America amalipira bwino.

Ndalama zakunja zomwezo mafakitale amazifunanso. Feteleza, mankhwala, zitsulo za makina, mafuta a magalimoto, zonsezi ndi za madola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zonsezi unalumpha, ndipo unafika mpaka pa paketi ya pa okala.

Apa ndi pamene wogula amalowera. Kwacha ikagwa, shuga wathu amasanduka wotsika mtengo kwa munthu amene ali ndi ndalama ya ku Zambia, ku Mozambique kapena ku Tanzania. Mabelo amayamba kuzembetsedwa usiku pa njinga ndi pa njinga zamoto, kudzera njira zachidule za m'malire. Ena amaunjika m'nyumba zosungira katundu kudikira kuti anthu alire, mtengo ukwere. Zokolola zikakhala kuti zinachepa kale, zotsatira zake ndi mzere uja. Boma linafika polola amalonda ena kuitanitsa shuga kunja, ndipo mkangano unabuka: ena amati tsegulani zipata, shuga wakunja atsitse mtengo, ena amati mukatero mupha ntchito za anthu ku Nchalo ndi ku Dwangwa.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena poyera. Kuteteza mafakitale athu n'koyenera, chifukwa shuga wotsika mtengo wa pa msika wa dziko lonse nthawi zambiri ndi wotsala wa maiko amene amathandiza alimi awo ndi ndalama za boma. Titatsegula chitseko chonse, tikhoza kusangalala chaka chimodzi n'kulira zaka khumi. Koma amene watetezedwa ndi lamulo la dziko ali ndi ngongole kwa eni dziko. Sizimveka kuti Mmalawi aletsedwe kugula shuga wakunja, kenako asowenso wa kwawo. Msika wa pakhomo uyambe wakhuta, nkhokwe ya miyezi ya mvula iwerengedwe poyera, ndipo bungwe loona za mpikisano pa malonda, la Competition and Fair Trading Commission, likhale maso pa mitengo ndi pa obisa katundu chaka chonse, osati podzidzimuka mizere itayamba kale.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano mlimi, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa ndi amene mawu ake samveka kawirikawiri.

Nzimbe zambiri zimalimidwa ndi maesiteti eni ake, koma gawo lina limachokera kwa alimi ozungulira, amene ali m'magulu ngati Kasinthula ndi Phata ku Chikwawa, ndi magulu angapo a ku Dwangwa. Alimiwa salipidwa potengera kulemera kwa nzimbe kokha ayi. Ku fakitale amatapako pang'ono n'kuyeza kuchuluka kwa shuga ali m'kati. Akuluakulu anati nzimbe saidyera kutalika koma kutsekemera, ndipo pa sikelo ya fakitale mwambi umenewu ndi lamulo lenileni. Nzimbe yothiriridwa mochedwa, yogwidwa ndi nsabwe zachikasu za m'masamba, kapena yogonera pamsewu thirakitala itafa, imalemera ndithu koma ndalama yake ndi yochepa. Pa ndalama imeneyo amachotsapo za feteleza, za madzi, za odula, za mayendedwe, za oyendetsa gulu, ndi za ngongole. Chofika m'manja mwa mlimi ndi chotsala. Mlimi amene sadziwa kuwerenga pepala la malipiro ake ali ngati munthu wogulitsa mbuzi mumdima.

Nkhani ya Kasinthula ili ndi phunziro lowawa. Sikimuyi inayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo ndalama zokonzera minda ndi ngalande zinali za ngongole, ina ya ndalama zakunja. Kwacha itagwa, ngongole ija inafufuma ngati mtanda wa mandasi, alimi osalakwa kanthu, ndipo kwa zaka zambiri gawo lalikulu la thukuta lawo linkapita kobweza. Chinawapepuzako ndi kulowa mu ndondomeko ya Fairtrade, imene ogula a kunja amaonjezerapo kandalama pa tani iliyonse. Kandalama kameneko kanakumba mijigo ndi kukokera magetsi m'midzi ina. Ku Phata, kumene anayamba cha m'ma 2011, anaphunzirapo kanthu. Mabanja anasonkhanitsa minda yawo kukhala munda umodzi waukulu wa kopaletivi, aliyense n'kukhala ndi gawo molingana ndi malo amene anapereka, analemba akatswiri oyendetsa ntchito, ndipo anasiyako malo ena olimapo chakudya. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu. Nzimbe siphikidwa nsima. Banja limene lapereka munda wonse ku nzimbe limadikira malipiro, pamene mimba ya mwana sidikira.

Ndipo pali nkhani ya malo, imene sitingaizembe. Nzimbe imafuna dothi labwino, lathyathyathya, lapafupi ndi madzi, malo omwewo amene anthu amalimapo mpunga, chimanga cha kudimba ndi kudyetsapo ng'ombe. Ku Nkhotakota ndi ku Chikwawa kwakhala madandaulo, ena mpaka kukhoti, a anthu onena kuti minda ya makolo awo inalowa mu nzimbe iwo osavomereza, kapena kuti anagwirizana ndi mfumu yokha eni minda osafunsidwa. Amayi ndiwo amapwetekeka kwambiri, chifukwa kawirikawiri dzina lolembedwa m'kaundula wa sikimu limakhala la bambo, pamene dimba lotayikalo linali la mayi. Chitukuko chobwera ndi misozi ya eni nthaka sichikhazikika, ndipo munda wa mkangano suchedwa kupsa ndi moto wosadziwika woyatsa.

Pamwamba pa zonsezi pali nyengo. Walira mvula walira matope, ndipo anthu a kuchigwa amaudziwa mwambi umenewu kuposa tonse. Madzi omwe amapatsa nzimbe moyo ndi omwenso amaipha. Kusefukira kwa mu 2015, mvula ya namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023: ulendo uliwonse Shire ndi mitsinje yotsika m'mapiri, monga Mwanza, inasefukira n'kukwirira minda ndi mchenga, kugumula ngalande, kukokolola mapampu ndi milatho. Namondwe wa Ana anaononganso damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Taganizani: munda wamira, ndipo wotsalawo ulibe magetsi opopera madzi. Popeza nzimbe ndi mbewu ya chaka chathunthu, bala la Freddy linadzamveka pa mashelefu a masitolo patapita miyezi yambiri. Mayi aja, gawo lachiwiri la yankho lanu ndi limeneli: nzimbe sizinaume zonse ayi, zina zinamira, zina zinamva ludzu, ndipo shuga wina anatuluka usiku pa malire. Koma madzi osefukirawo sachokera kuchigwa. Amachokera kumtunda kumene tadula mitengo n'kuotcha makala, choncho ife a ku Blantyre, ku Mwanza ndi ku Neno tili ndi mbali yathu pa mlanduwu.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Kuchigwa komweko kukukumbidwa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera pa Kapichira, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ubwino wake ndi woti madzi aziyenda okha motsetsereka, osadalira mapampu ndi magetsi. Ikadzatha, midzi yambiri idzafikiridwa ndi anthu onyamula mapepala, onena kuti phatikizani minda, tilime nzimbe kapena mbewu zina za malonda. Ena mwa inu amene mukundimvera ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Salima ndi ku Nkhotakota mudzakhala pansi pa mtengo pa msonkhano wotero.

Tsiku limenelo musadzachite manyazi kufunsa, ngakhale pamaso pa mfumu ndi alendo ovala mataye. Funsani kuti malowo adzalembedwa m'dzina la yani, ndipo mukadzafuna kutuluka mudzatuluka bwanji. Funsani ngati ngongoleyo ndi ya makwacha kapena ya madola, ndi zaka zimene mudzabweze. Funsani kuti poyeza kutsekemera kwa nzimbe zanu padzakhala munthu wanu woonerera kapena ayi. Funsani za munda wa chakudya. Funsani kuti madzi akadzakokolola nzimbe, ngongole ya chaka chimenecho adzasenza ndani. Ndipo inu amayi, dzina lanu lilembedwe m'kaundula, osati kungoimiridwa. Pepala lililonse mulitenge, mukaliwerenge kunyumba ndi mwana wa sukulu kapena mlangizi wa zaulimi, chidindo cha chala chidikire mawa. Alimi anzanu a ku Kasinthula, ku Phata ndi ku Dwangwa sali kutali, ndipo ali ndi bungwe lawo la Sugarcane Growers Association of Malawi. Tumani anthu awiri kapena atatu a m'mudzi mwanu akacheze nawo, akaone ndi maso mapepala awo a malipiro, musanayankhe alendo aja.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Amene muli ndi mafunso kapena umboni wa zimene mwaona m'minda ya nzimbe, tilembereni kuno ku wailesi, tidzawerenga makalata anu mu pulogalamu ikubwerayi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA IKWERE)